Timafuwa ta Geresomo

"Alamu, tsikani pamenepo. Mukuswa zinthu."

Esinala adalankhula ataima kuseri kwa nyumba, mtsuko uli m'manja, mlaza wa maliro ukadali kumutu. Saulos, mkulu wake wa malemu mwamuna wake Geresomo, sadacheuke n'komwe. Adali atakwera pamwamba pa chimango chimene Geresomo adachisiya chosatha, ndipo ankayendapo uku ndi uku ngati munthu woyesa bwato la eni. Waya adalira pansi pa mapazi ake, kenaka phwa! Kanthu kena kadasweka.

"Zinthu zake ziti?" adafunsa Saulos. "Timiyala iti?"

Adawerama natola kachidutswa ka simenti konga dzira la nkhuku, kokhala ndi kamchira ka waya, nakaponya kutchire.

Chimangocho chidali nsanja ya nkhokwe. Geresomo adamanga zipilala zinayi za njerwa zofika m'chifuwa, nayala matabwa pamwamba pake, nawatchinga m'mbali ngati bokosi losazama. M'bokosimo adalukamo mawaya okhuthala, ena m'litali ena chopingasa, nawamanga paliponse pamene adakumana. Chidatsala n'kuthira konkire basi. Koma mawayawo sadagone pa matabwa. Adakhala m'mwamba pang'ono, pa tizidutswa ta simenti timene Geresomo ankaumba ndi manja, kalikonse ndi kamchira kake komangira ku waya. Iye ankatitcha timafuwa. Ankati waya sayenera kukhudza thabwa, chifukwa akagona pansi konkire samukuta bwino, chinyontho chimamupeza, dzimbiri n'kumudya, ndipo tsiku lina chonsecho chimathyoka pakati.

Ntchitoyi adaiphunzira pa njanji, m'gulu lomanga makalavati, timilatho ta pansi pa njanji, pakati pa Port Herald ndi Chiromo. Mgolo wa simenti adampatsa ndi kapitawo wake chifukwa udanyowa mbali imodzi, ndipo mawaya adali zotsala zimene ankabwera nazo paphewa Loweruka lililonse. Anthu a m'mudzimo, kwa Malemia, ankamuseka kuti akufuna kumangira mapira nyumba ya Mzungu. Anthu asanaiwale n'komwe njala ya 1922, Shire adasefukira nakokolola nkhokwe yawo yamitengo ndi mapira onse, ndipo m'miyezi ya usiwa imene idatsatira adaika m'manda Luisa, mwana wawo woyamba. Kuyambira pamenepo Geresomo adalumbira kuti chakudya chake sichidzakhalanso pa mtengo.

Tsopano nayenso adagona kufupi ndi Luisa. Adaima m'madzi masiku ambiri pa kalavati ina, chibayo chidamugwira, anzake adabwera naye pa machira, ndipo sadadzukenso.

Saulos adatsika pa makwerero pang'onopang'ono nakung'untha manja.

"Mlamu, ndimafuna tilankhule anthu asanachuluke. Mgolo uja uli m'chisakasamo ndiutenga lero. Ndapangana ndi anyamata. Mng'ono wanga wamangira Azungu milatho moyo wake wonse. Sangagone pansi pa mulu wa dothi ngati munthu wopanda dzina. Timumangira manda a simenti, aliyense wodutsa adziwe kuti pano pagona mmisiri."

"Simentiyo adasungira nkhokwe, alamu."

"Nkhokwe ya yani?"

Funsolo lidagwa ngati mwala m'chitsime. Esinala adatula mtsuko pansi. Kumsana kwake mwana wakhanda adatakataka, iye namugwedeza osadziwa kuti akutero.

"Ya mwanayu," adatero.

"Mwanayo ndi wathu, tidalowola. Sadzagona ndi njala ine ndili moyo. Tsiku lometa nyumba iyi tigwetsa, monga mudziwa. Inu mudzabwera kwathu kutsidya kwa dambo, kapena mukafuna mudzapita kwanu. Munda uno ndi wa bambo athu. Ndidzalamo thonje." Adaloza chimango chija ndi chibwano. "Ndiye chimwala chosasunthika pakati pa munda n'chachiyani? Ndipo musaiwale, zinthu za malemu sizikhudzidwa tisanamete. Kwathu mwana akutsokomola kale. Musatiitanire zina."

"Nanga inu mgolowo muunyamula bwanji osaukhudza?"

"Wopita kumanda ndi wa mwini wake yemweyo. Pamenepo palibe mlandu."

Adanyamuka osatsazika. Esinala adamuyang'ana mpaka adalowa m'mabango a kudambo. Sikuti Saulos adali munthu woipa. Pa njala ija ndiye adasamala amayi awo, kuwakumbira mizu ya nyika m'madambo, Geresomo ali kutali ku njanji. Amayiwo adamwalira m'manja mwake, mng'ono wake n'kufika maliro ataikidwa kale. Kuyambira pamenepo abale awiriwa ankapatsana moni ngati anthu ongokumana pa doko.

M'nyumba ya siwa mudali Dorika, mlongo wawo wa Saulos ndi Geresomo, amene ankagona ndi Esinala chichitikire maliro. Adamva zonse kudzera m'chipupa cha mabango. Esinala atalowa adampeza akupeta mapira, maso ali pa lichero.

"Mwamva, alamu?"

"Ndamva."

"Ndiye mukuti bwanji?"

Dorika adapeta kawiri katatu asanayankhe. Nayenso adali wamasiye. Mwamuna wake atamwalira ku Chiromo, abale a mwamunayo adamuperekeza mpaka pa njanji ndi mphasa imodzi ndi mphika, ana n'kutsala komweko.

"Ine tsiku lometa adandiuza kuti ndisadandaule, ana sadzagona ndi njala," adatero. "Wamng'onoyo pano sandidziwa. Ndikapita amathawira kuseri kwa amake aang'ono."

Adaika lichero pansi nayang'ana madengu a mapira amene adaunjikana mpaka kudenga, chifukwa nkhokwe yakale chiswe chidaidya miyendo.

"Nyumba ikagwa, awa apita kuti?"

"Kwa achimwene anu."

"Ndipo inu mudzawatsata." Dorika adaimirira namanga nsalu yake mwamphamvu m'chiuno. "Mumadziwa kusakaniza simenti ija?"

Esinala adali ataonerera Geresomo akumanga zipilala zija, iye akumutungira madzi. Ankadziwa kuti pa chidebe chimodzi cha simenti pamapita ziwiri za mchenga ndi miyala yoswa yochulukirapo, ndi kuti phalalo lisakhale lamadzi ngati la mwana kapena louma ngati la nkhuku. Koma kuonerera si kuchita.

"Nanga mwambo? Mwana wa alamu akadwala adzati ndine."

"Mwana uja adayamba kutsokomola Geresomo ali moyo. Ndipo manja oyamba kulowa m'mgolomo akhala anga. Ndine mlongo wake. Chobwera chibwere kwa ine."

Dzuwa lidali litakwera, kutentha kwa m'chigwa kuja kofinya pakhosi. Cha kumapiri a kumadzulo mitambo idayamba kuunjikana, yakuda kumimba. Mchenga ndi miyala zidali kale pamulu pafupi ndi zipilala, pomwe Geresomo adazisiya. Amayi awiriwo adatunga madzi maulendo angapo. Mayi wina woyandikana nawo adawaona akulowa m'chisakasa cha zida, adagwira pakamwa, nalowetsa ana ake m'nyumba.

Dorika adatsegula mgolo. Pamwamba padali chigamba cholimba pomwe padanyowa kale, koma pansi pake simenti idali yofewa ngati ufa. Adapisamo dzanja mpaka m'chigongono, nalitulutsa lotuwa, nalionetsa kwa mlamu wake.

"Ndakhudza. Tiyeni."

Esinala adagoneka mwana pamthunzi wa nyumba. Adasakaniza pa chitsulo chakale cha malata ndi fosholo ya Geresomo, imene chigwiriro chake chidali chosalala chifukwa cha manja a mwini wake. Ulendo woyamba phala lidachita madzi, adawonjeza mchenga. Dorika ankasenza pa chidebe, kukwera makwerero, kukhuthula, Esinala n'kukwera pambuyo pake kukasalaza ndi kugwaza ndi ndodo kuti konkire alowe pansi pa mawaya. Simenti idawawotcha m'zala. Thukuta lidatsikira m'maso. Ngodya imodzi idadzala, kenaka mbali yonse ya kum'mawa, ndipo mawaya adamira mmodzimmodzi, ali chikhalire pa timafuwa tawo.

Adali atafika pakati pamene adamva mawu kunjira. Saulos adatulukira ndi amuna awiri, Hilario ndi mnzake, asodzi a kudoko, atasenza mtengo wonyamulira ndi zingwe. Adaima. Adayang'ana chitsulo cha malata, fosholo, manja otuwa a mlongo wake, ndipo nkhope yake idasintha.

"Nkhabe! Ayi!" adakuwa. "Dorika! Wapenga kodi?"

"Sindinapenge, achimwene."

"Maliro sanathe! Mlaza uli kumutu! Mukufuna mutimalize tonse?"

Adathamangira pa makwerero nagwira chidebe chimene Dorika adasenza. Adalimbana nacho, konkire n'kutayikira pa mapazi a onse awiri. Mwana adadzidzimuka nayamba kulira. Esinala adali pamwamba, atagwada m'mphepete mwa bokosi, ndodo ili m'manja.

"Alamu, simenti ikalawa madzi siyembekeza munthu. Mukatiletsa pano, iyi iuma hafu, sikhala nkhokwe, sikhalanso manda. Ingotayika."

"Itayike! Mwachita dala kuti mukhazikike pa munda wa bambo anga!"

"Inde, ndachita dala," adatero Esinala. "Luisa ali apo. Bambo ake ali apo. Ndipite kuti?"

Hilario ndi mnzake adatula mtengo wawo pansi nayang'ana kumbali, monga amachitira anthu akakumana ndi ndewu ya pachibale. Saulos adalanda chidebe chija nachiponya kutali. Kenaka adatola fosholo naigwira chopingasa, naima pakati pa amayiwo ndi phala lotsala pa malata.

"Palibe chidebe china chikwere apa."

"Ndiye mundimenye nayo," adatero Dorika. "Mudandilandira ndi mphasa imodzi pa njanji paja, mukulira. Mudati anthu aja ndi afiti. Lero mwasanduka inu?"

"Usandifanizire ndi anthu amenewo! Ine sindikuthamangitsa munthu!"

"Nawonso ankatero."

Kumadzulo kudagunda. Mphepo yotentha idadutsa m'munda ikuulutsa mapesi. Esinala adayang'ana konkire amene adathira kale naona kuti m'mphepete wayamba kuchita khungu. Adatambasula dzanja kuti asalaze ndi chikhatho, ndipo pamenepo ndi pomwe adaona mbali yotsalayo bwinobwino. Pomwe Saulos adaponda m'mawa paja, timafuwa tidali titaphwanyika, tina titasowa. Mawaya adagona pa matabwa, ena atapindika. M'changu chawo chija sadayang'aneko.

Ngakhale Saulos akadapatuka, kuthira pamenepo kukadakhala kumanga chinthu chodzathyoka. Adayesa kulowetsa mwala wamba pansi pa waya, koma wopanda kamchira komangira udaterereka n'kugwera pambali.

"Alamu a Dorika," adaitana ndi mawu otsika, "taonani pa nsanja m'chisakasamo. Mwina timafuwa tidatsalako tiwiri kapena titatu."

Dorika adadutsa pafupi ndi mchimwene wake osamuyang'ana. Saulos sadamuletse, adangoti, "Funafunani. Palibe chikwere apa."

M'chisakasamo mudamveka kukoka, kenaka chiphokoso cha zitsulo zikugwa. Dorika adatuluka chobwerera m'mbuyo akukoka dengu lolemera ndi dzanja limodzi, dzanja linalo likukwekwereza mtolo wa mawaya umene udagwa pamodzi ndi dengulo. Adavundukula chiguduli cha pamwamba. Dengu lidali lodzaza ndi timafuwa, touma bwino, kalikonse ndi kamchira kake.

"Tonseti?" adadabwa Esinala atatsika. "Nkhokwe yathu idakwana kale. Iti n'tachiyani?"

Adagwada pa mtolo wa mawaya uja. Adali odulidwa kale molingana, owongoledwa, omangidwa ndi luzi pawiri. Adayerekeza ndi maso ndi a pa nsanja yake naona kuti awa ndi ataliko. Pakati pa mtolowo padamangidwa bango limodzi lalitali, lokhala ndi mipata iwiri yosemedwa ndi mpeni, kunsonga kwake kuli kansanza kofiira.

"Sindikudziwa," adatero Esinala Dorika atamuyang'ana. "Sadandiuzepo."

Saulos adali atasendera pafupi, fosholo ikadali m'manja. Adayang'ana bangolo nthawi yaitali. Kenaka adatsamiritsa fosholo pa chipilala, nawerama, nasolola bangolo mu mtolo. Adapititsa chala pa mipata ija.

"Bango ili ndikulidziwa," adatero.

Adalitembenuza m'manja.

"Adabwera nalo kwathu mwezi watha, Lamulungu lina. Ndidampeza kuseri akuzungulira nkhokwe yanga, akuyeza uku, akuyeza uku. Kansanza aka adang'amba pa nsalu imene idali pa chingwe, mayi a kwathu adakalipa." Adakhudza kansanzako. "Ndidamufunsa kuti kodi wayamba kuyeza malo anga ngati Mzungu wa thonje? Ndidamuuza achoke. Iye adangoseka, nati, 'Akulu, nkhokwe yanuyi yatsamira.' Basi, n'kumapita."

Dorika adakhala pansi pomwepo, pa dothi, naphimba nkhope ndi manja otuwa aja. Esinala adalowa m'chisakasa nasuzumira mu mgolo. Pa ntchito yonse imene adagwira, simenti idangotsika pang'ono; idali yokwanira nkhokwe ziwiri. Atatuluka, Saulos adamuyang'ana kumaso ndipo adamva.

Dontho loyamba lidagwa pa malata, lalikulu, kenaka lina.

Saulos adapereka bangolo kwa Hilario. "Gwira ichi, usachithyole." Adatapa timafuwa todzaza manja awiri nakwera makwerero. Ulendo uno sadaponde pa mawaya. Adagwada m'mphepete, nanyamula waya ndi zala zake zokhuthala za khasu, nalowetsa kamodzi pansi pake. Kadagwa chammbali. Adayesanso.

"Ankaika chonchi?"

Esinala adakwera nagwada pafupi naye. Adakatembenuza kuti kamchira kayang'ane kumwamba, nakapotokola pa waya.

"Chonchi, alamu."

Adagwira ntchito moyang'anizana, Saulos kunyamula, Esinala kumanga, mpaka mawaya onse adadzuka pa matabwa. Pansi Dorika adali atatola kale fosholo. Mnzake wa Hilario adakatenga chidebe chija kumene chidagwera, ndipo popanda womuuza adayamba kusenza. Adathira mothamanga, mvula ikuwaza pang'onopang'ono, Saulos akugwaza ndi ndodo monga adaonera mlamu wake. Atadzaza ngodya yomaliza adayala mphasa ndi udzu pamwamba, napsinja ndi njerwa. Pamenepo mvula idatsika yeniyeni, ya chizimalupsa, ndipo onse adathawira pakhonde, atatuwa ngati anthu otuluka m'phulusa.

Adakhala pamenepo akumvera madzi akugwa pa mphasa zija. Esinala adayamwitsa mwana. Zala zake zidali zitang'ambika ndi simenti ndipo zinkawawa. Za munda Saulos sadanene kanthu, ndipo Esinala sadafunse. Ankadziwa kuti nkhaniyo idzabweranso tsiku lometa, pamaso pa abale onse, ndi kuti nyumba idzagwa ndithu monga mwa mwambo. Koma kuseri kwake kudaima tsopano chinthu chimene sichikadagwa nayo.

Mvula itakata, Hilario adatsokomola.

"Nanga mgolo uja, akulu? Tinyamule?"

"Nyamulani. Muuphimbe bwino, usalawe madzi."

Amuna awiriwo adaumanga ndi zingwe naukoleka pa mtengo. Atafika pa mphambano ya kuseri kwa mudzi, pomwe njira ina imapita kumanda ina kudambo, adaima nacheuka.

"Kumanda?"

Saulos adali akumanganso mtolo wa mawaya uja. Adauika paphewa, Dorika namusenzetsa dengu la timafuwa pamutu. Adaloza njira ya kudambo ndi bango lija.

Asananyamuke adatembenukira kwa Esinala, maso ali pansi.

"Mlamu, tikameta mudzabwere mudzandionetse kasakanizidwe kake. Mukatero mudzabwerere kuno, mapira asamagone okha."

"Takhuta, alamu," adathokoza Esinala.

Adamuyang'ana akutsetsereka m'matope, akuyenda mosamala chifukwa cha katundu wa pamutu. Polowa m'mabango a kudambo adakweza bango lija m'mwamba kuti lisakodwe, ndipo kansanza kofiira kankaoneka pamwamba pa udzu mwini wake atabisika kale.